Mpira wa Chivomezi Pansi pa Pilo

Loweruka linali pafupi, ndipo Ummi ankayenda ngati wasenza dengu la mazira. Tsiku limenelo ankhoswe a Mervin ankayenera kukagogoda kwa amalume a Ummi, a Abdulhamid, ku Tsakane, ku Joni. Musaone ngati zinafika pamenepo mophweka. Mervin anali wa ku Chipata, Ummi wa ku Namwera, ndipo kwa miyezi amalumewo ankangoyankha kuti "tidzaona" uku akupalasa makina awo osokera. Mnyamatayo anakhala pansi ndi shehe, anaphunzira, analowa Chisilamu. Mayi ake a Ummi anavomera pa foni ali kumudzi. Komabe mwini mbumba ndi malume, ndipo tsiku lomwe a Abdulhamid ananena kuti "abwere Loweruka," Ummi anakalirira kubafa kuti anthu asamuone.

Ndiye Lachiwiri masana nthaka inagwedezeka.

Ummi anali muofesi ya nyumba yosungiramo katundu ku Jet Park, komwe ankagwira ntchito. Makapu anagundana pashelefu, ndipo mayi wina wachizulu anakuwa dzina la Yesu. Asanamalize kukuwako zonse zinali zitatha. Foni ya Ummi inalira, uthenga wa Mervin.

"Uli bwino?"

"Ndili bwino. Makapu okha ndi amene avina."

"Ichi n'chachikulu kuposa chathu chija. Imbira kunyumba manje manje."

Chawo chija chinali chivomezi chaching'ono cha chaka chatha. Awiriwa anali asakudziwana, aliyense ali pamzere wogula magwinya, mandasi a ku Joni, pakaravani ya pakona. Nthaka itanjenjemera, Ummi anagwira mkono wa munthu amene anali pafupi, tiyi wake n'kutayikira pamalaya a munthuyo. Iye m'malo mokwiya anangoti, "Musaope, ichi n'chamwana." Ummi anamufunsa kuti wadziwa bwanji, ndipo mnyamatayo anayankha mpaka nthawi ya nkhomaliro inatha. Ankagwira ntchito pakampani ina yaing'ono mumsewu womwewo, yomwe imatchera makina omvetsera kugwedezeka kwa nthaka pamwamba pa migodi yakale ya golide. Kuyambira tsiku limenelo magwinya ankagula mmodzi, kudya awiri.

Ummi anaimba kunyumba. Anayankha anti Kulusumu, akazi awo a amalume, ndipo mawu awo anali ozizira.

"Khoma lang'ambika. Ukaweruka usadzere kwina. Amalume ako akukufuna."

*

Mng'alu unayambira pakona ya zenera la chipinda cha Ummi n'kutsika mokhota mpaka pansi. Chala chinkalowa. Bedi linali litakokeredwa pakati pa chipinda, pilo ali pansi. Ummi atangoona piloyo, anadziwa kuti apeza chimene anabisa pansi pake.

Pabalaza anapeza amalume ali pampando wawo, anti ataimirira pakhomo la kukhitchini, ndipo pasofa panali Tahiru akumwa tiyi. Tahiru anali mnyamata wa kwawo konko ku Namwera, wa mabaki awiri onyamula katundu ku Wadeville ndi nyumba yaikulu ku Germiston. Anafunsirapo Ummi kawiri, n'kukanidwa kawiri, koma anali m'gulu la anthu amene amamva "ayi" ngati "bwerani mawa." Akuti anangodzera kudzaona ngati akuluakulu ali bwino.

Patebulo panali nyuzipepala, ndipo panyuzipepalapo panali kampira ka pulasitiki, kukula kwake ngati lalanje, kogawidwa zigawo zakuda ndi zoyera. Pambali pake panali chipande. Anti sanafune kukagwira ndi manja.

"Khala pansi," anatero amalume. "Ichi n'chiyani?"

"Ndi mphatso, amalume."

"Yochokera kwa ndani?"

"Kwa Mervin."

"Mphatso imagona pansi pa pilo?"

Ummi anangoti zyoli. Ukanayankha chiyani? Pali zinthu zimene mtsikana sangafotokozere malume wake, ngakhale zilibe tchimo.

"Palembedwa dzina lako," anatero anti. "Palembedwanso tsiku. Ndachipeza pomwe umatsamiritsa mutu. Tuluka uone, nyumba zonse mumsewu muno zili chilili. Yathu yokha ndiyo yang'ambika, ndipo yang'ambikira kumutu kwa bedi lako. Iweyo ukuona ngati n'zangozi?"

Tahiru anaika kapu pansi mosamala. "Ine sindikunena kanthu, a mjomba. Koma kwathu, chinthu cholembedwa dzina la munthu n'kubisidwa pomwe amagona, tonse timadziwa ntchito yake. Mtsikana amene ankamvera makolo, lero sakuona wina aliyense koma munthu mmodzi. Eish. Ine ndangodandaula basi."

"Dandaulirani kwanu," anatero Ummi.

"Ummi!"

Amalume anakweza dzanja, onse anakhala chete. A Abdulhamid sanali munthu wokalipa. Nyumba imeneyi anaimanga njerwa ndi njerwa atathawa ku Reiger Park mu 2008, nthawi ija alendo ankawotcheredwa nyumba, iwo n'kupulumuka ndi mutu wa makina osokera okha. Khoma limenelo likang'ambika, zinkawapweteka ngati thupi lawo.

"Ine za zithumwa sindizikonda," anatero pang'onopang'ono. "Ndimaswali kasanu, ndimadalira Allah. Koma sindingapereke mwana wa mlongo wanga kwa munthu amene wandilowetsera m'nyumba chinthu chomwe sindikuchidziwa. Uwauze anthu ake Loweruka asavutike."

Ummi anamva ngati nthaka yagwedezekanso. Anagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Amalume, muloleni abwere adzafotokoze yekha."

"Wofunsira mbeta salowa pakhomo ankhoswe asanagogode. Zimenezo ukuzidziwa."

"Ndiye asabwere ngati wofunsira. Ntchito yake ndi ya zivomezi. Abwere ngati munthu wodzaona khoma."

Amalume anamuyang'ana. Pakona pa ndevu zawo panaoneka kakumwetulira komwe anakabisa msanga.

"Wodzaona khoma angabwere. Lachinayi, dzuwa lisanalowe."

Tahiru ananyamuka, akusewera ndi makiyi a galimoto. "A mjomba, kaya khomali ligwa kaya siligwa, kwanga kuli zipinda zakuseri zopanda munthu. Munandisunga nditangofika kuno ku Joni. Nyumba yanga ndi yanu."

"Tidzaona," anatero amalume.

*

Lachitatu pa nkhomaliro, kuseri kwa karavani ija, Mervin anaseka mpaka kutsamwa.

"Chithumwa? Cha pulasitiki? Ninachipanga pa makina a ku ofesi, anzanga a Newton akuniona!"

"Seka bwino. Loweruka lathetsedwa."

Kuseka kunathera pomwepo. Ummi anamufotokozera zonse, za chipande, za mawu a Tahiru, ndi za ulendo wa Lachinayi. Mervin anapukuta mafuta m'manja n'kutsegula laputopu yake pabondo.

"Za mpira n'zosavuta, nikawaonetsa. Koma taona ichi."

Pagalasi panali mpira wina wakuda ndi woyera, ukuyandama pansi pa mapu. Unali wa chivomezi cha dzulo. Mervin anadina, ndipo mumpiramo munatuluka zinthu ziwiri zopyapyala ngati malata, zopingasana. Lina linapendekera kumtunda mpaka kukatulukira kutchire, kumilu ya mchenga wa migodi. Linalo linapendekera mbali ina, n'kudutsa pansi pa Tsakane.

"Limodzi mwa awiriwa ndi mng'alu weniweni umene waterereka," anatero Mervin. "Linalo ndi mthunzi chabe wa masamu. Mpira umapereka onse awiri, susankha."

"Nanga weniweni ndi uti?"

"Sinidziwa. Tiyembekeza tizivomezi ting'onoting'ono totsatira. Tikandandalika pa limodzi, ndiye kuti ndi limenelo."

"Mpaka liti?"

"Mwina masabata. Mwina kupitirira."

Ummi anatseka laputopuyo ndi dzanja lake. "Tamvera, Mervin. Amalume akufunsa ngati nyumba yawo ili bwino. Ndikuwadziwa. Ukawauze kuti ili bwino."

"Ummi..."

"Ukakayikira pang'ono pokha, asamukira kwa Tahiru. Akasamuka, ine ndisamuka nawo. Ndizidzuka pabwalo la Tahiru, kusamba madzi a pampopi wa Tahiru, kupereka moni kwa mayi ake m'mawa uliwonse. Munthu amene wakufunditsa denga sum'kaniza kanthu. Ukumva zimene ndikunena?"

"Nikumva."

"Iwe wemwe wanena kuti mwina mng'aluwo uli kutchire."

"Mwina."

"Ndiye ukanene mbali yabwinoyo. Si bodza lonse."

Mervin anayang'ana magwinya omwe anali atazizira papepala. Ankamukonda mtsikanayu moti akanati adumphe mpanda wamagetsi akanayamba kuvula nsapato. Koma apa anangopinda pepalalo, ndipo Ummi ananyamuka kubwerera kuntchito osatsanzika. Madzulo anam'tumizira uthenga umodzi wokha: "Uvale malaya a kuntchito, osati a chikondi."

*

Lachinayi Mervin anafika atavala chijekete chonyezimira cha kuntchito, chikwama kumsana. Anapereka salamu pageti. Amalume anayankha salamuyo mokwanira, kenako anati, "Lowani, a injiniya," mokweza kuti aneba amve kuti amene walowayu si mkamwini.

Anayamba ndi khoma. Mervin analoza tochi mumng'alu, anaujambula, anatuluka panja kukaona mbali inayo, anafunsa ngati pansi pa chipindacho panali dzenje kale. Amalume anavomera kuti panali dzenje la zinyalala lomwe analikwirira asanamange. Mervin anangogwedeza mutu. Ummi anali kukhitchini ndi anti, akutsuka kapu imodzi yomweyo kachitatu, khutu lili pabalaza. Tahiru anali atafika kale, poti nkhani ngati izi sizinkamudutsa.

Atakhala pansi, amalume anakankhira nyuzipepala ija pakati pa tebulo. Kampira kanagubuduka pang'ono n'kuima.

"Musanatiuze za khoma, tiuzeni za ichi."

"Ndiloleni ndikuonetseni kwawo kwa mpirawu, bambo."

Pamaso pa akuluakulu Chinyanja chake cha ku Chipata ankachipinda n'kuchiika m'thumba. Anatsegula laputopu n'kuitembenuzira kwa amalume. Panaoneka mapu, ndipo amalume anazindikira okha msewu waukulu, Brakpan, Springs, ndi Tsakane kumunsi.

"Apa tikuyang'ana kuchokera kumwamba, ngati mbalame. Tsopano taonani."

Anakoka ndi chala. Mapu aja anapendekeka ngati thireyi, nthaka inasanduka yoonekera mkati, ndipo pansi pa matauni panatulukira mizere yambirimbiri, ina yotsika choongoka, ina yoyenda cham'mbali, yosanjikizana mpaka pansi penipeni. Pakati pa mizereyo pankayandama timipira takuda ndi toyera.

"La ilaha illallah," ananong'ona anti, omwe anali atatuluka kukhitchini osadziwa.

"Mizereyi ndi migodi yakale," anatero Mervin. "Anthu anasiya kukumba, madzi akudzaza. Madzi akalowa m'ming'alu ya miyala, miyala imaterereka, ife kumtunda timamva chivomezi. Tili ndi makina m'malo osiyanasiyana omwe amamvetsera. Nthaka ikagwedezeka, makina ena amamva kukankhidwa, ena amamva kukokedwa. Kompyuta imasonkhanitsa zonsezo n'kujambula mpira. Kwakuda ndi komwe nthaka inakankha, koyera ndi komwe inakoka. Mpira uliwonse apa ndi chivomezi chimodzi, pamalo pomwe chinachitikira."

"Aliyense angajambule mipira pa kompyuta," anatero Tahiru.

"Zoona. Bambo, tawerengani tsiku lomwe lalembedwa pampira wa patebulowo."

Amalume anavala magalasi, anawerama osaukhudza, n'kuwerenga. Mervin analemba tsikulo. Timipira tonse tinazimirira, kunatsala kamodzi, cha kumpoto, pansi pa Boksburg. Anakakulitsa mpaka kanadzaza galasi, n'kuyamba kukazungulitsa pang'onopang'ono.

Amalume anayang'ana pagalasi, anayang'ana patebulo. Kenako anatambasula dzanja n'kutola kampira kaja. Anti anagwira pakamwa. Amalume anakatembenuza m'manja mpaka chigawo chakuda chinafanana ndi cha pagalasi, ndipo Mervin akazungulitsa wake, iwonso ankazungulitsa wawo. Zigawo zinkagwirizana mbali zonse.

"Ndi womwewu," anatero.

"Nanga dzina la mwanayu likutani pamenepo?" anafunsa anti.

Apa mpamene injiniya anakanda mutu. Makutu anatentha, Chinyanja chinatuluka m'thumba chokha. "Ni tsiku lamene... tinakumana, mayi. Chivomezi chamene ichi ndiye chinachititsa kuti anitayire tiyi pamalaya."

Kukhitchini kunamveka kapu ikugwera m'sinki. Anti anayesetsa kuumitsa nkhope koma inawakanika.

"Anyamata a masiku ano! Anzanu amagula nsalu, inu mukupatsa mwana wa eni chivomezi?"

*

Amalume sanaseke nawo. Maso awo anali atabwerera pagalasi.

"Bwezeretsani mizere ija."

Mervin anaibwezeretsa.

"Tsikani pansi. Tsikaninso. Tembenuzirani kuno."

Chithunzi chinamira, migodi ikudutsa ngati masitepe. Amalume anasendera kutsogolo kwa mpando, kampira kali m'manja.

"Ine ndinalowamo m'menemu," anatero. "Ndinabwera pa Theba ndili mnyamata, ndevu zisanamere, pamodzi ndi mkulu wanga Idi. Ife zimenezi tinkati bampu. Unkangomva phi! m'makutu, fumbi, nyali kuzima. Zaka zonsezi sindinadziwe kuti bampu ili ndi nkhope."

Ummi anaima pakhomo la kukhitchini. Dzina la amalume a Idi ankalimva pa dua yopempherera akufa pokha. Nkhani yake panalibe amene anamuuzapo.

"Tsiku lina m'mawa kunachita bampu yaing'ono," anapitiriza amalume. "Tinakana kulowa. Kapitawo anabwera, anagogoda denga ndi chitsulo, akuti, 'Muhle, ngena!' Ndiye kuti kuli bwino, lowani. Sikuti ankadziwa. Ankangofuna ntchito iyende. Idi analowa patsogolo, ine ndinatsalira kumanga nsapato."

Sanamalize, ndipo panalibe amene anawafunsa kuti amalize. Panja mwana wina ankaitana mnzake m'Chizulu. Amalume anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa mkanjo.

"Chabwino, a injiniya. Za chithumwa zatha, ndipo ndapepesa. Tsopano ndiuzeni. M'nyumba muno mugona mkazi wanga ndi mwana wa mlongo wanga. Nyumbayi ili bwino?"

Mervin anakweza maso. Ummi anali kumbuyo kwa amalume ake, akumuyang'ana, maso akupempha poyera. Tahiru naye ankamuyang'ana, makiyi ali duu m'manja.

Mervin anadina, mpira wa Lachiwiri unabwera ndi malata ake awiri opingasana.

"Bambo, mng'alu wa pakhoma ndikuganiza kuti wabwera chifukwa cha dzenje lija. Nthaka yokwirira imatitimira ikagwedezeka, n'chifukwa chake nyumba za anzanu zaima. Koma ine si katswiri wa makoma, pafunika womanga adzaone maziko. Za pansi pa nthaka, chivomezi cha Lachiwiri chaterereka pa limodzi mwa awiriwa. Likakhala ili, lili kutali ndi inu. Likakhala ili, likudutsa pansi pa dera lino, ndipo china chikabwera khoma long'ambika kale lingavutike."

"Ndiye ndi liti mwa awiriwa?"

"Sindikudziwa, bambo. Mpirawu sunena. Tidziwa pakapita nthawi, koma lero sindingakuuzeni kuti nyumbayi ili bwino."

Ummi anatseka maso. Anabwerera kukhitchini mwakachetechete.

Amalume anagubuduza kampira m'chikhatho. Kenako anakaika m'dzanja la Mervin n'kulipinda ndi manja awo awiri.

"Mukanandiuza kuti muhle, ngena, bwenzi pano mukutuluka pageti osadzabweranso. Kabwezereni mwini wake aka, koma kazikhala pawindo, osati pansi pa pilo. Ndipo mukakumana ndi mnyamata uja wa ku Chipata, mumuuze kuti ankhoswe ake abwere Loweruka."

Anti anaombera m'manja kamodzi n'kudziletsa.

"Koma pansi pa khoma ili sindigonekapo munthu ndikudikira mpira wanu kuti usankhe," anapitiriza amalume, akutembenukira pasofa. "Tahiru, zipinda zija zilipobe?"

Nkhope ya Tahiru, yomwe inali itagwa, inadzuka ngati chimanga chomwe chalandira mvula.

"Zilipo, a mjomba. Baki ibwera mawa tikatuluka ku mapemphero a Juma."

"Ndiye ankhoswewo muwalondolere ku Germiston," anatero amalume kwa Mervin. "Adzatipeza kumeneko."

*

Amalume analola Ummi kuperekeza injiniya mpaka pageti, anti akuyang'anira pazenera. Dzuwa linali litapendeka, utsi wa nyama yowotcha ukuchokera pakona.

"Ndinakupempha chinthu chimodzi," anatero Ummi, osamuyang'ana.

"Nidziwa."

"Chimodzi chokha."

"Ukanafuna mwamuna wamene angawanamize amalume ako pa nkhani ngati ija?"

"Usandifunse mafunso anzeru pano. Ndakwiya." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wake. "Ndakwiya, komanso ndikanakhala ine amalume ndikanakupatsa ana a mlongo wanga onse. Zonse ziwiri n'zoona, ndiye usandiuze kuti ndisankhe."

Mervin anamwetulira pang'ono n'kum'patsira kampira kaja. Zala zawo zinakhudzana, anti anakhosomola pazenera.

"Loweruka tibwera," anatero. "A Newton avomera kutsogolera, na alongo anga a Misozi. Olo kukhale ku Germiston, olo kumwezi."

"Tahiru sumudziwa iwe."

"Nyumba ni yake, koma mbumba ni ya amalume."

"Uziyang'ana timipira tako usiku ndi usana," anatero Ummi. "Tikangosankha mbali, undiuze ine poyamba. Ndikufuna kubwerera kwathu."

*

Lachisanu masana baki ya Tahiru inanyamula makina osokera, matiresi ndi mapoto. Aneba anaima m'mageti akuonerera. Amalume anakhoma chitseko cha nyumba yawo, anagwira khoma ndi chikhatho kwa kamphindi, n'kukwera kutsogolo osacheuka.

Nyumba ya ku Germiston inali ndi mpanda wautali ndi geti lachitsulo loyenda pa njanji. Pakhonde panali mayi wonenepa wovala mpango wobiriwira, manja ali chitambasulire. Anali a Binti, mayi ake a Tahiru, omwe anabwera kuchokera kumudzi mwezi wathawo kudzaonana ndi madokotala a maso ndipo sankaonetsa changu chobwerera.

"Ambuje! Mwafika, mwafika!" Anakumbatira anti Kulusumu, anagwadira amalume, kenako anagwira Ummi m'mapewa n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati nsalu ya pamsika. "Uyu ndi uja wa Tabu? Wakula bwanji! Ine ndi mayi ako tinavinidwa limodzi, ukudziwa? Tinkanena tili atsikana kuti ana athu adzakwatirana."

Ummi anaseka mwaulemu n'kunyamula chikwama chake kulunjika kuseri, komwe anyamata ankalowetsa matiresi. A Binti anam'landa chikwamacho.

"Ayi, ayi. Kuseriko chipinda chimodzi chadzaza matayala a Tahiru, chatsala chimodzi cha akuluakulu. Mtsikana sangagone ndi amalume ake. Iwe ugona m'nyumba yaikulu, ndi ine."

Ummi anayang'ana amalume. Amalume anayang'ana pansi. Mlendo sasankha pogona, ndipo mawu a mayiwo analibe polakwika pomwe munthu angagwire.

"Mayi, mawa kubwera alendo a amalume," anatero Ummi mofatsa. "Ankhoswe."

"Mawa?" A Binti anatembenukira kwa mwana wawo. "Tahiru, sunawauze a mjomba ako? Mawa pano pali sadaka ya malemu bambo ako. Mashehe abwera, anthu a kwathu onse a ku Wadeville ndi ku Tsakane abwera. Tsiku la sadaka pakhomo salandirirapo ankhoswe, a Abdulhamid akudziwa. Alendowo adikire. Ndipo iwe mwanawe undithandiza kuphika mpunga, anthu akuone."

"Ndinaiwala, a mjomba," anatero Tahiru, nkhope yodzaza chisoni chobwereka. "Ndi zosamukazi mutu unazungulira."

Amalume anayang'ana kuseri. Makina awo osokera anali kale m'chipinda cha Tahiru, ndipo munthu sungakanize mwini nyumba kupempherera bambo ake.

Ummi analowa m'chipinda cha a Binti n'kukhala pamphepete pa bedi. Anatulutsa kampira kaja m'thumba. Pawindo panali zitsulo zotchingira akuba, ndipo kudzera m'zitsulozo anaona Tahiru akukankha geti mpaka linatsekeka, n'kuponya kiyi m'thumba la buluku.

Foni inanjenjemera m'dzanja lake. Anali Mervin.

"Kwachitika kachivomezi kang'ono masana ano, koyamba. Kamodzi sikakwanira kudziwa mbali, koma tayamba. A Newton agula kale jekete. Tifike nthawi yanji mawa?"

Ummi analemba, anafufuta, analembanso. Kukhonde a Binti ankaitana kale, mokweza kuti nyumba yonse imve.

"Ummi! Mpongozi! Tabwera udzasankhe mpunga!"